Foni ikulira ku Bangula koma mawu sakufika ku Ngabu

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Ngabu amene amayang'anira makompyuta pa kampani yogula thonje ndi chitowe. Ali ndi PBX, makina olumikiza mafoni a pa ofesi, ku Ngabu, ina ili ku depoti ya ku Bangula, ndipo abwana akufuna kuti antchito aziimbirana pa ekisitenshoni, manambala aafupi a mkati mwa kampani, osamawotcha mayunitsi tsiku lonse. Alumikiza, foni ikulira bwinobwino, koma akayankha, mmodzi yekha ndi amene akumva mnzake. Wina wawalangiza kuti angotsegula port 5060, khomo limene mafoni a pa netiweki amalowera, pa rauta yao ya intaneti kuti aliyense wa pa intaneti azitha kufika pa PBX, zonse zitheka. Akufunsa ngati atero.

Ayi achimwene, musatero. Ndipo amene wakulangizaniyo musamupatsenso kiyi wa chipinda cha makina.

Ndikuyankha mokalipa chifukwa malangizo amenewa ndinaona ndi maso anga akuchotsetsa munthu ntchito. Zaka zapitazo ndinkachita ganyu yokonza netiweki pa bungwe lina cha ku Nchalo. Iwo anali atagula ma PBX awiri kwa kampani ina ya mtauni. Anyamata ake anatsika phiri la Thabwa m'mawa pa galimoto yozizira mkati, anakhoma mabokosi kukhoma, anaimba kamodzi "halo, halo, mukundimva?", analandira cheke, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atakwera kale kubwerera ku Blantyre, akudandaula kuti kuno sikokhala anthu. Sanasiye pepala lililonse losonyeza zimene anachita mkati mwa makinawo. Pakutha pa mwezi kunabwera bilu ya foni imene akauntanti anayamba aiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi. Inali yodzaza ndi mafoni opita kunja, kumayiko amene palibe wa mu ofesimo anali ndi m'bale, ndipo onse anaimbidwa usiku ndi kumapeto kwa sabata.

Usiku pa ofesi pamakhala ndani? Mlonda. Anali mdala wa Chisena, waulemu wake, amene ankakhala pakhonde pafupi ndi zenera la pa risepushoni. Ndiye nkhani inatha isanayambe: akuti ankapisa dzanja pazenera n'kumaimbira abale ake. Anawaitanira mu ofesi ine ndili pomwepo ndikumanga waya. Anavula chipewa, anapisa m'thumba, anatulutsa kafoni kao kamabatani komanga ndi mphira, n'kukaika patebulo la abwana. "Bwana, foni imene ndimaidziwa ine ndi iyi." Sanalankhulenso china. Anauzidwa kuti akadikire kunyumba.

Nditapempha kuti ndione kaundula wa mafoni mkati mwa PBX, uja amatchedwa CDR, zinali poyera. Mafoni ambirimbiri ankatuluka pa mphindi imodzi yomweyo, nthawi imodzi, zimene munthu wa manja awiri sangathe. Onse ankachokera pa ekisitenshoni ya kusitolo, pomwe foni ya kusitoloko inali idakali m'katoni, pulasitiki wake wosang'ambidwa. Pasiwedi ya ekisitenshoniyo inali nambala ya ekisitenshoni yomweyo. Port 5060 inali pululu. Pa intaneti pali makompyuta amene ntchito yake usana ndi usiku ndi kugogoda pa 5060 pa adiresi iliyonse, akapeza PBX amayesa ma ekisitenshoni 100, 101, 102 ndi mapasiwedi osavuta, akalowa amagwiritsa ntchito mzere wanu kuimbira manambala odula a kunja amene iwo eni amadyererapo. Sadziwa kuti Nchalo ili kuti, ndipo alibe nazo ntchito. Mdala uja anabwerera pa ntchito, koma sindinamve munthu akumupepesa, ndipo anyamata a mtauni aja atafunsidwa anati vuto ndi la "kagwiritsidwe ntchito".

Kuyambira pamenepo ndilibe chifundo ndi munthu wogulitsa PBX amene amangolankhula za bokosi. Bokosi ndi gawo losavuta. Grandstream, Yeastar, kapena kompyuta yakale yokhala ndi Asterisk, pulogalamu imene Mark Spencer anayamba kulemba mu 1999, zonsezi zimadziwa kulankhulana. Chovuta ndi njira imene ili pakati pa mabokosi awiriwo, ndipo ku Chigwa kuno njirayo ili ndi adani ake amene wa ku Limbe sawaganizira. Mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 40, ndiye ganizirani kachipinda ka malata, kopanda siling'i, zenera lotseka kuopa akuba. Ndinatsegulapo switch ina, kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki, itazima, n'kupeza mavu atamanga nyumba yao yadothi pa fani penipeni. Nyerere nazo zimakonda kufunda kwa mkati mwa adaputa. Magetsi ndiye sitikamba. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo damulo lili konkuno kwathu ku Chikwawa. Kenako Freddy mu Malichi 2023. Amene anali ndi maofesi ku East Bank kapena cha ku Makhanga akudziwa kuti nthawi imene foni imafunika kwambiri ndi yomwe msewu waduka, ndipo ndi nthawi yomweyonso magetsi kulibe. Anthu amagula batire ya PBX n'kuiwala rauta ndi switch. PBX ikhala yoyaka, nyali zake zikuphethira, koma ilibe woti ilankhule naye. Ine munthu akabweretsa kotesheni yopanda batire kapena sola ya zinthu zitatu zonsezi, kuphatikiza waya wopita pansi wotetezera ku mphenzi, sindiwerenganso tsamba lachiwiri.

Ena amati bwanji osangomanga tinsanja tiwiri n'kuika mawailesi a 5 GHz aja oyang'anizana, popeza chigwa ndi chathyathyathya. Pakati pa ofesi ndi shedi imene mukuiona ndi maso, inde, ndipo ndi njira yabwino kuposa ina iliyonse chifukwa simulipira pamwezi. Koma pa mtunda wa makilomita 30, dziko lenilenilo limatukumuka pakati ndi mamita oposa 13, musanawerengere milambe ndi migwalangwa, komanso mpata umene mafunde a wailesi amafuna kuzungulira mzere wake. Nsanja zake zimakhala zazitali, zodula, ndipo mphenzi imazikonda. Kwa kampani ya depoti imodzi, sindingalimbikitse.

Ndipo ndinene chimene ena a ntchito yanga sadzakondwera nacho. Maofesi ambiri ang'onoang'ono safunika ma PBX awiri n'komwe. Ngati ku Bangula kuli anthu anayi, PBX imodzi ya ku Ngabu ikanatha kuwanyamula ngati ma ekisitenshoni akutali. Yachiwiri imakhala ndi phindu pokhapokha ili ndi mzere wake wotulukira kunja, kuti njira ya pakati ikaduka a ku Bangula azithabe kuimba ndi kulandira. Ngati ilibe, wina anangokugulitsani bokosi. Koma poti munagula kale, tiyeni tiligwiritse ntchito.

Chifukwa chake mmodzi sakumva mnzake

Foni ya pa netiweki imayenda pawiri. Gawo loyamba, lotchedwa SIP, imene imadutsa pa port 5060, ntchito yake ndi kuliza foni, kunena kuti wayankha, ndi kudula. Mawu enieniwo amayenda paokha kudzera pa RTP, pa ma port ena a UDP, omwe pa Asterisk kawirikawiri amakhala kuyambira 10000 mpaka 20000. Zili ngati mnyamata amene mwamutuma pa njinga kukanena kuti ngolo ya thonje ikubwera: iye adutsa pa kanjira ka m'munda n'kufika, koma kufika kwake sikutanthauza kuti ngolo yapeza msewu. Kwa inu mnyamatayo akufika, n'chifukwa foni ikulira. Koma mkati mwa uthenga wake PBX ya ku Ngabu imalembamo adiresi yoti mawu atumizidweko, ndipo ikulemba adiresi yake ya m'nyumba, ija yoyamba ndi 192.168. PBX ya ku Bangula imatumiza mawu ku adiresi imeneyo, yomwe pa intaneti kulibe, mawuwo n'kutayika. Kutsegula 5060 sikukhudza n'komwe vuto limeneli. Mudzangoitana akuba, mawu akadali mbali imodzi.

Palinso china. Ngati intaneti yanu ndi ya SIM khadi mu rauta ya 4G, kapena Starlink imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, nthawi zambiri mulibe adiresi yanuyanu ya pa intaneti. Mumagawana imodzi ndi makasitomala ena ambiri, zimene amazitcha CGNAT. Lowani mu rauta muone adiresi ya WAN, ya mbali yoyang'ana ku intaneti. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, dziwani kuti ngakhale mutatsegula port iliyonse, wochokera kunja sangakupezeni.

Zochita

Mangani kaye VPN, njira yanuyanu yotetezedwa yodutsa pa intaneti, pakati pa marauta awiriwo, PBX musaikhudze. VPN ya WireGuard ndi yopepuka, ndipo pa marauta a MikroTik imapezeka kuyambira pa pulogalamu yake ya RouterOS 7. Mbali imodzi iyenera kukhala ndi adiresi yofikirika kuchokera kunja. Funsani kampani imene imakupatsani intaneti ngati ingakupatseni yokhazikika ku Ngabu. Ngati mbali zonse zili pa CGNAT, mubwereke kaseva kakang'ono pa intaneti, maofesi onse awiri azikumana pamenepo. Mbali imene ili pa CGNAT muiikire keepalive, kauthenga kotumizidwa pa masekondi 25 alionse, kuti njira isatsekeke ikakhala duu.

Maofesi awiriwo asakhale ndi ma adiresi ofanana. Marauta ambiri a 4G a Huawei amabwera ndi 192.168.8.1, ndiye ngati munagula awiri a mtundu umodzi, Ngabu ndi Bangula onse akudzitcha dzina limodzi ndipo VPN idzasokonezeka. Ngabu ikhale 192.168.10.0, Bangula 192.168.20.0. Mukatero imani pa kompyuta ya ku Ngabu muchite ping PBX ya ku Bangula, kuyeza nthawi imene uthenga umatenga kuti ufike n'kubwerera, osati m'mawa kokha, komanso madzulo pamene tauni yonse ili pa Facebook. Malangizo a ITU, bungwe la dziko lonse lapansi loona za matelefoni, otchedwa G.114 amati mawu asachedwe kupitirira mamilisekondi 150 ulendo umodzi. Ping imayeza kupita ndi kubwera, choncho ikamayandikira 300 anthu ayamba kulankhula modulana. Mapaketi, tizidutswa timene mawu amayendamo, otayika akapitirira limodzi pa 100 alionse, mawu amadukaduka. Ping isanakhazikike musapitirire, chifukwa palibe chimene mungasinthe mu PBX chimene chingakonze msewu woipa.

Kenako trunk, mzere wolumikiza ma PBX awiriwo. Pa PBX iliyonse pangani peer trunk yoloza ku adiresi ya mkati ya inzake, yopanda kulembetsa. Pa gawo la mu PBX lolembedwa NAT muonjezere ma adiresi a ofesi inayo pa mndandanda wa local networks, kuti PBX idziwe kuti a ku Bangula ndi a m'nyumba momwemo; anthu ambiri amaiwala mzere umodzi umenewu n'kumatukwana VPN. Zimitsani SIP ALG pa marauta onse, chifukwa imalembanso mauthenga a SIP mongoganizira. Zimitsaninso direct media kuti mawu azidutsa mu PBX. Ngati mabokosi onse ali ndi Asterisk mkati, IAX2, imene imalowa m'malo mwa SIP ndi RTP, imanyamula zonse, kuliza ndi mawu omwe, pa port imodzi ya UDP, 4569, ndipo mutu suwawa. Ma ekisitenshoni a ku Ngabu ayambe ndi 1, a ku Bangula ndi 2, kenako njira yotulukira inene kuti nambala ya manambala atatu yoyamba ndi 2 ipite pa trunk, uko mutembenuze. Ngati kuwiri konse kuli 101, sinthani lero, ngakhale abwana aikonda bwanji nambalayo.

Pa codec, kapakiridwe ka mawu potumiza, G.711 imamveka bwino koma imadya pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse pa foni imodzi, kutanthauza kuposa megabaiti imodzi pa mphindi mukaphatikiza mbali zonse ziwiri, VPN isanaikepo zake. G.729 imadya cha m'ma 31 kbps, mawu ake ndi ouma pang'ono koma mtengo wa thonje umamveka. Pa bandulo ya SIM khadi ine ndimasankha G.729, ndipo muiike yoyamba mbali zonse ziwiri. Pa rauta muike lamulo loti mapaketi a mawu, aja olembedwa DSCP 46, azitsogola. Izi zimagwira pa rauta yanu pokha, koma zimathandiza kalaliki akayamba kutumiza zithunzi za malisiti.

Trunk imeneyi iloledwe kufika pa ma ekisitenshoni okha, isakhale ndi chilolezo chotulukira kunja kwa dziko. Mafoni oyamba ndi 00 muwatseke kwa aliyense amene sawafuna pa ntchito, ndipo mapasiwedi onse amene anaikidwa ndi okhoma makina aja muwasinthe. Mukandilemberanso, achimwene, ndiuzeni mitundu ya ma PBX ndi marauta anu, manambala awiri oyambirira a adiresi ya WAN mbali zonse, ndi zimene ping yasonyeza cha m'ma 7 koloko madzulo. Pasiwedi musanditumizire.