Mnzanga watsitsa mtengo wa simenti, nanenso nditsitse?

Mayi wina amene ali ndi shopu ya hadiweya ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, anditumizira imelo. Ndachotsamo moni ndi zina zimene zikanawaulula, koma funso lawo likuti: "Shopu yanga yatha zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chino atsegula mahadiweya ena awiri mumsewu womwewu, ndipo mmodzi akugulitsa simenti motsika ndi K1,000 pa thumba. Makasitomala akundithawa. Kodi nanenso nditsitse? Mwana wanga amene akuphunzira za bizinesi akuti vuto langa ndi lakuti ndilibe strategy. Chimenechi n'chiyani kwa munthu wa shopu imodzi ngati ine?"

Mayi, musatsitse kaye. Tengani kope ndi cholembera, chifukwa nkhani ya mtengo imanyenga ikamawerengedwa m'mutu.

Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu enieni. Tinene kuti thumba limakufikirani pa K25,000, kuphatikizapo thiransipoti ndi anyamata otsitsa, ndipo mumagulitsa pa K27,500. Pa thumba mumatsala ndi K2,500. Matumba 100 pamwezi akupatsani K250,000, ndalama imene mumalipirira lendi, mlonda, magetsi ndi mnyamata wa pa kauntala. Tsopano chotsanipo K1,000 ija. Kwa wogula, mtengo watsika pang'ono chabe, osafika ngakhale 4 peresenti. Kwa inu, phindu lagwa ndi 40 peresenti. Kuti K250,000 yomwe ija ibwerenso, muyenera kugulitsa matumba 167. Matumba 67 owonjezerawo achokera kuti, poti mnzanuyo akhoza kuchotsanso K500 ina mawa m'mawa? Pa mpikisano wa mitengo amatsala ndi amene amapeza katundu motchipa kwambiri, kapena amene ali ndi mpamba wopirira kuluza nthawi yaitali. Musanalowemo, dziwani ngati munthu ameneyo ndinu.

Choncho funso loyamba ndi lakuti: n'chifukwa chiyani iyeyo akutha kugulitsa motsika? Zifukwa zake zimasiyana, ndipo chilichonse chimafuna yankho lakelake. Mwina amaoda lole yathunthu ya matani 30, amene ndi matumba 600 a makilogalamu 50, pamene inu mumatenga 50 kapena 100 kwa munthu wapakati. Ngati ndi choncho, kutchipa kwake n'kwenikweni ndipo sikutha. Mwina simentiyo ndi nyambo: amadziwa kuti womanga nyumba amaloweza mtengo wa simenti ndi wa malata basi, ndiye amatsitsa pamenepo n'kubweza ndalama yake pa misomali, waya, mahinjesi ndi penti. Mwinanso ndi wongoyamba kumene amene sanawerengere lendi ndi thiransipoti, ndipo akudya mpamba wake osadziwa. Wotereyu amatseka yekha. Kapena katunduyo si wofanana ndi wanu: simenti yolembedwa 32.5 pa thumba ndi yolembedwa 42.5 zimasiyana mphamvu ndi mtengo womwe, ndipo thumba lokhalitsa m'chinyezi cha kuno ku Mzuzu limayamba mibulu n'kuchepa mphamvu.

Izi sizidziwika pongoganizira. Lembani zinthu 20 zimene zimayenda kwambiri m'shopu mwanu, ndipo kwa milungu inayi muzituma munthu akafunse mitengo yake m'mashopu onse awiri aja komanso m'mahadiweya akuluakulu a m'tauni. Onani galimoto imene imamutsitsira katundu, ndi yaikulu bwanji ndipo imabwera kangati. Kenaka funsani makasitomala khumi amene anasiya kubwera, mofatsa ndi mosawadandaulira, chimene chinawakoka. Kawirikawiri mumamva zina zimene simumayembekeza: kuti uko amatsegula 6 koloko pamene amisiri akupita ku ntchito, kapena kuti amalandira Airtel Money ndi TNM Mpamba, kapena kuti ali ndi ngolo yoperekera katundu. Kumeneku ndiye kuunika mpikisano, ndipo n'kotchipa kuposa kutsitsa mtengo mwezi umodzi.

Tibwere ku funso la mwana wanu. Strategy ndi chisankho cha mbali zitatu: anthu amene mwasankha kuwatumikira, chimene mukuwapatsa chomwe sangachipeze mosavuta kwina, ndi zimene mwaganiza kuzisiya dala. Mbali yachitatuyi ndi imene imavuta eni mashopu ambiri, chifukwa kubweza kasitomala kumawawa. Koma shopu imene ili ndi pang'ono pa chilichonse, matumba khumi a simenti, malata asanu, zitini zitatu za penti, sidziwika ndi kanthu. Mapanga awiri avumbwitsa.

Michael Porter, mphunzitsi wa ku Harvard Business School, analemba mu 1979 kuti phindu la mtundu uliwonse wa bizinesi limapanikizidwa ndi mphamvu zisanu, ndipo opikisana nawo amene mukuwaona ndi imodzi chabe. Ndi bwino kuziyeza zonse pa hadiweya ya ku Chibavi, chifukwa zikuonetsani pamene ndalama yanu ikuthawira.

Yoyamba mwaiona kale, ndi anzanu a mumsewu. Mpikisano umakula kwambiri pamene katundu ali wofanana ndendende, ndipo thumba la simenti la kampani imodzi ndi lomwelo kulikonse. Yachiwiri ndi olowa kumene. Kutsegula hadiweya yaing'ono kumafuna chipinda, laisensi ya ku khonsolo ya mzinda ndi mpamba wochepa, ndiye ngakhale awiriwa atatseka, ena abwera. Musamange mapulani anu pa chiyembekezo choti mudzakhalanso nokha.

Yachitatu ndi amene amakugulitsani katundu, ndipo kwa wamalonda wa kumpoto kuno imeneyi ndiyo yolemera. Opanga simenti ndi ochepa, monga Shayona ya ku Kasungu, ndipo wogula matumba 50 alibe mawu pa mtengo. Katundu wina amachokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 350, wina amalowera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo yenseyo amatsatira mafuta ndi ndalama zakunja. Kumbukirani November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Chinthu chakunja chimene munaoda pa K10,000 chinafuna pafupifupi K14,400 kuti muchibwezeretse pa shelefu. Amene anachigulitsa pa K12,000 ankaona ngati wapindula K2,000, pamene mpamba wake unachepa ndi K2,400. Ndiye poika mtengo muziyang'ana ndalama imene mukaodere katundu wina, osati ya pa risiti yakale. Mashopu ambiri amafa ndi matenda amenewa mwakachetechete, shelefu imangoyamba kuoneka mipata.

Yachinayi ndi ogula. Apa dzifunseni: amasankha kogula ndi ndani? Nthawi zambiri mwini nyumba amatulutsa ndalama, koma amene amanena kuti "tikagule uko" ndi bilidala, pulambala kapena kalipentala. Mmisiri mmodzi wokhulupirika amabweretsa nyumba zingapo pachaka. Kontirakitala wamkulu ndi wosiyana: amagula zambiri, koma amakakamira mtengo wotsika ndi ngongole, ndipo akachedwa kulipira miyezi iwiri shopu yaing'ono imaima. Yachisanu ndi zinthu zolowa m'malo. Munthu amene kale akanagula matumba 40 kuti aumbitse mabuloko pamalo pake lero akhoza kugula mabuloko oumba kale, ndipo simenti imeneyo wagulitsa ndi wina. Winanso amakwera yekha kupita ku Kyela, ku Tanzania, kukatenga mataelosi ndi maloko.

Mukaziika pamodzi muona kuti simenti ndi pamene mphamvu zonse zisanu zikukutsutsani. Ndiye n'chifukwa chiyani mukufuna kumenyera pomwepo?

Porter yemweyo anati njira zopambanira ndi zitatu: kukhala wotchipa kuposa onse, kusiyana ndi ena m'njira imene wogula angailipire, kapena kusankha kagulu kamodzi ka ogula n'kukatumikira bwino kuposa wina aliyense. Yoyamba ndi ya anthu a malole ndi nyumba zosungiramo katundu. Kwa shopu imodzi ya ku Chibavi, ine ndikuona kuti njira ndi yachitatu, yothiridwa mchere wa yachiwiri.

Magulu oti musankhepo alipo, ndipo amafuna zosiyana. Pali abale athu amene ali ku Joni ndipo akumanga kuno kwawo. Nkhawa yawo yaikulu si K1,000 pa thumba, koma kuti ndalama imene atumiza igule zimene anaitumizira. Shopu imene imalandira ndalama kuchokera kwa iwo mwachindunji, n'kutumiza chithunzi cha risiti pa WhatsApp, kukatula katundu pamalo omangapo ndi kujambula atafika, ikugulitsa mtendere wa mumtima, ndipo pamenepo munthu sanenerera kwambiri. Pali alimi a fodya a ku Rumphi ndi ku Mzimba amene amagula malata ndi simenti msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu April mpaka miyezi yozizira itatha. Amenewa amafuna katundu wambiri nthawi imodzi, ndiye amafuna mpamba waukulu pa nyengo yake. Pali eni nyumba za lendi, ku Chibavi konko, ku Chiputula, ku Luwinga kufupi ndi Mzuzu University, amene samanga koma amakonza mwezi ndi mwezi: mpope wodontha, loko wothyoka, soketi yopsa. Ndipo pali amisiri a ntchito imodzi, monga mapulambala.

Nditenge mapulambala ngati chitsanzo, chifukwa akuonetsa bwino mmene chisankho chimodzi chimakokera zina zonse. Pulambala amadana ndi kuyenda mashopu atatu kufuna kachitsulo kamodzi kolumikizira mapaipi. Mukasankha iyeyu, ndiye kuti masaizi onse, theka la inchi, atatu mwa anayi, inchi imodzi, a PVC ndi achitsulo omwe, sayenera kusowa tsiku ndi limodzi lomwe. Mutsegule m'mamawa. Mnyamata wa pa kauntala adziwe dzina la kachipangizo kalikonse ndi chimene chingalowe m'malo mwake. Mulole kubweza chosakwana ngati chili chatsopano ndipo risiti ilipo. Ndalama yochitira zimenezi ichokere ku zimene mwasiya, mwina malata ndi matabwa. Mnzanuyo akhoza kutengera chimodzi mwa zimenezi mawa, koma kutengera zonse pamodzi kumafuna kuti asiye njira yake ya simenti yotchipa.

Apa ndi pamene zaka zanu zisanu ndi chimodzi zili ndi ntchito. Jay Barney, katswiri wina wa maphunziro amenewa, anafotokoza mu 1991 kuti chimene chimapambanitsa bizinesi kwa nthawi yaitali chiyenera kukhala chothandiza, chosowa, chovuta kutengera ndi chovuta kuchipezera cholowa m'malo. Katundu wa pa shelefu sakwanitsa zimenezi, aliyense wa ndalama akhoza kuoda. Koma kudziwa mmisiri amene amabweza ngongole ndi amene sabweza, kudziwika kuti sikelo yanu ya misomali siba, kukhala ndi wokuodetsani amene amakupatsani masiku 14 musanalipire, zimenezi watsopano sangazigule. Mwana wanu akakuuzani za SWOT, ndiko kulemba mphamvu zanu, zofooka zanu, mwayi ndi ziopsezo, lembani naye, koma chilichonse muchiyerekeze ndi shopu inayake yeniyeni. "Timalandira bwino makasitomala" si mphamvu ngati mnzanunso amawalandira bwino.

Musanasiye katundu aliyense, yezani liwiro lake, chifukwa phindu la pa chinthu chimodzi limanamiza. K1,000,000 yoikidwa mu katundu wa phindu la 10 peresenti amene amatha katatu pamwezi imabala K300,000. Ndalama yomweyo mu katundu wa phindu la 30 peresenti amene amatha pa miyezi itatu imabala K100,000 pamwezi. N'kutheka mupeza kuti simenti, ngakhale phindu lake ndi lochepa, ikuyendetsa ndalama mwachangu ndipo imakokera anthu m'shopu. Zikatero musaisiye, ingoisungani yochepa, ya milungu iwiri, pa mapaleti kapena matabwa osati pansi, ndipo isagunde khoma. Mtengo muusiye pomwe uli, koma wogula matumba khumi kapena kuposerapo mumuperekere katundu mwaulere ngati ali pafupi. Zimenezi zimakudyerani ndalama yochepa kuposa kutsitsira aliyense, ndipo mnzanuyo saziona pa chikwangwani.

Chinthu chimodzi musachite, ngakhale anzanuwo atabwera nacho okha: kukhala pansi n'kugwirizana mtengo wogulitsira. Lamulo la mpikisano pa malonda limaletsa zimenezo, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalanga. Ngati kafukufuku wanu waonetsa kuti mnzanuyo amatchipa chifukwa cha lole yathunthu, chimene mungaganizire ndi kusonkherana ndi eni mashopu a madera ena, monga ku Zolozolo kapena ku Mchengautuba, kuti muode lole imodzi n'kugawana, aliyense n'kukaika mtengo wake payekha. Mulemberane za amene asunge ndalama ndi amene alipire matumba ong'ambika.

Mukasankha gulu lanu, dzipatseni miyezi itatu, ndipo Loweruka lililonse muzilemba zinthu zinayi: phindu la sabatayo mutachotsa mtengo wooderanso, chiwerengero cha amisiri amene abweranso kachiwiri, zinthu zimene anthu anafunsa koma munalibe, ndi ngongole imene ili kunja. Ngongoleyo isapose ndalama imene mumagulitsa pa sabata imodzi, ndipo amene sanabweze yakale asatenge ina, ngakhale akhale wa ku tchalitchi kwanu. Poyerekeza, musaike mwezi wa mvula pambali pa mwezi wa chilimwe, popeza kuno mvula imachedwa kusiya ndipo ntchito zomanga zimatsatira nyengo. Yerekezani June wa chaka chino ndi June wa chaka chatha. Ngati kope la chaka chatha mulibe, yambani lero, ndipo mwana wanuyo mumupatse ntchito yolisunga.