Yankho kwa achemwali pa za mwana wofuna udokotala

Achemwali mwaswera bwanji? Moni nonse pagulupu pano, amalume, alamu, nonse. Pepani ndachedwa kuyankha. Uthenga wanu ndinauona m'mawa, koma ndinali ku thiyeta, ndiye foni inali m'thumba. Ndangoti ndijambule mawu, chifukwa ndikati ndilembe zala zitopa nkhani isanathe.

Mwafunsa za mtsikana wathuyu, kuti poti ali Fomu 2 ndipo wakakamira zoti adzakhala dokotala, adutse njira iti, zidzatenga zaka zingati, komanso ndalama zake zidzachokera kuti. Eya. Mumuitane akhale pafupi amve nawo, chifukwa zambiri ndikuuza iyeyo.

Tiyambe tasiyanitsa kaye, pajatu kwathu aliyense wovala gauni yoyera ndi adokotala. Uja mumamupeza pa health centre nthawi zambiri ndi medical assistant, wa satifiketi ya zaka 2. Pali clinical officer, wa dipuloma ya zaka 3 kuonjezapo chaka chogwira ntchito moyang'aniridwa. Amenewa amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences, kapena ku Malamulo ku Thyolo kuja. Ndipo musawaderere ayi, zipatala zathu za m'maboma zaima pa anthu amenewa. Ineyo opaleshoni yoyamba yotulutsa mwana amene anandigwira dzanja anali clinical officer, bambo wachikulire wa imvi zake. Koma udokotala umene mwanayu akunena ndi wa digiri yotchedwa MBBS, ndipo kuno kwathu khomo lake lodziwika ndi Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS. Ife timangoti College of Medicine mpaka lero, pakamwa panazolowera. Sukuluyo inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, ili pansi pa University of Malawi, ndiye mu 2021 anaiphatikiza ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala yunivesite payokha. Isanabwere imeneyo, Mmalawi wofuna udokotala ankachita kupita kunja kwa dziko. Kamuzu yemwe uja anakaphunzira ku Meharry ku America, anamaliza 1937, n'kupitanso ku Edinburgh kuti apeze mapepala ovomerezeka kwa Angelezi. Ndiye mwanayu ali ndi mwayi, basi ya ku Blantyre yokha yakwana.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, achemwali. Nkhani ya udokotala sikuti imayambira ku yunivesite. Imayambira chaka chamawachi, akamalowa Fomu 3, tsiku limene aphunzitsi adzati sankhani maphunziro. Asadzasiye Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, zivute zitani. Chingerezi ndiye n'chosakambirana. Ana ambiri amathawa Physics chifukwa anzawo awaopseza, kapena chifukwa mphunzitsi wake ndi waukali, ndiye amakhoza MSCE bwinobwino koma khomo la udokotala analitseka okha ali ndi zaka 15, osadziwa. Akadzabwera n'kumati "Physics ndiyovuta, ndingotenga zina kuti mapointi achepe," musadzavomere. Mudzandiimbire.

Ndipo mupite kusukulu kwakeko mukaone ndi maso anu. Labu ilipo? Muli zipangizo kapena ndi chipinda chosungiramo madesiki othyoka? Mphunzitsi wa Chemistry alipo, kapena akuphunzitsa ndi wa Geography pongothandiza? Mukudziwa kumene ine ndinachokera. Maikulosikopu ndinaigwira koyamba kutatsala masabata ochepa kuti tilembe mayeso, titachita kukabwereka kusukulu ina, tonse kalasi yathunthu pamzere, aliyense kusuzumira kamodzi n'kupatsa mnzake. Ndinasuzumira osaona kanthu, koma ndinagwedeza mutu ngati ndaona. Ngati kwakeko zili choncho, ndalama imene mukanagulira foni muikeni pa mabuku ndi maphunziro apadera a sayansi pa holide. JCE akulembayi aikhoze, koma mtima wonse ukhale pa zaka ziwiri zikubwerazo.

Ku MSCE mukudziwa kale, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit. Amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndiye wopambana kwambiri ndi wa mapointi 6. Malo a udokotala ndi ochepa, ofuna ndi khwimbi, ndiye asamaganize zongokhoza. Aziganiza ma 1 ndi ma 2, makamaka mu sayansimo. Munthu akhoza kukhala ndi mapointi okongola chifukwa cha Chichewa ndi Bible Knowledge, koma Chemistry ali ndi 5, ameneyo mpikisano umamuvuta. Zotsatira zikatuluka ku MANEB, amadzaza mafomu a NCHE, bungwe limene limayendetsa zosankha ana opita ku mayunivesite a boma. Podzaza asadzakhale yekha. Aike udokotala poyamba, koma m'munsimo aikenso zina zimene angazikonde, kaya Pharmacy, kaya za mano, kaya za labu, kaya unamwino. Ndaona ana olira chifukwa anaika chinthu chimodzi chokha ndi mtima wa "ine ndiye ine".

Dikirani pang'ono... eya sisita, ndikubwera, muyambe mwamuika diripi... Pepani, ndimati chiyani? Eya, akasankhidwa.

Akasankhidwa kuchokera ku MSCE, amayamba ndi chaka chokonzekera, ife timati premed. Ndi sayansi yomwe ija koma yozama, kuti afanane ndi amene anachita A-level, mayeso apamwamba kuposa MSCE, poti awo amatha kulowa chaka choyamba mwachindunji. Chaka chimenechi n'chachinyengo. Mwana wachoka kumudzi ali namba wani wa sukulu yonse, akufika m'kalasi aliyense ndi namba wani wa kwawo. Wina amadzidzimuka kuona walephera mayeso koyamba m'moyo wake. Kuonjeza apo ufulu wa m'tauni, palibe belu, palibe matron. Anzathu angapo anachotsedwa sukulu pomwepo, anzeru kuposa ine.

Kenako zaka 5 za udokotala weniweni. Ziwiri zoyamba ndi za m'kalasi, kuphunzira thupi la munthu mmene linapangidwira ndi mmene limagwirira ntchito. Apa ndinene poyera kuti mwanayu adziwiretu: Anatomy timaphunzirira pa mitembo. Tsiku loyamba sindidzaliiwala. Chitseko kungotseguka, fungo la mankhwala osungira matupi aja linandilowa m'mphuno, misozi ili chuchuchu, osati yachisoni, amangowawa m'maso. Pathebulo pali chinthu chofunditsidwa, aphunzitsi akuti tiyambe takhala chete kulemekeza ameneyu, chifukwa ndi mphunzitsi wanu woyamba. Mnyamata wina wamtali, wolongolola kwambiri m'kalasi mwathu, anangoti khu pansi. Ine sabata yathunthu nyama osaidya, kumangoti ndipatseni nyemba. Mukukumbuka amayi atamva anati chiyani? "Iwe ufuna utibweretsere mizimu pakhomo pano?" Anakana kuti ndiwaphikire nsima holide imeneyo. Lero ndi omwewo amandionetsa bondo ndisanatsike n'komwe pa kabaza.

Kuyambira chaka chachitatu ndi m'mawodi. Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, za m'midzi ku Mangochi, za matenda a maganizo ku Zomba. Uzungulira kwa ana, kwa amayi oyembekezera, kwa opaleshoni, kwa matenda a akuluakulu. Uko ndiye munthu amadziwa ngati ntchitoyi ndi yake. Nthawi ya mvula wodi ya ana imadzaza ndi malungo, mwana akukomoka, magazi achepa, mayi wake akukuyang'ana iweyo wophunzira ngati uli ndi yankho. Masamu sakuthandiza pamenepo. Ndiye ndimati mumufunse mwanayu, osati mokalipa, kuti akufuna chiyani kwenikweni: dzina loti adokotala, kapena kugwira anthu odwala, a mabala onunkha, usiku anzake ali mtulo?

Akamaliza n'kuvala chipewa, simunathe ayi, musayambe kuwerengera malata. Pali internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa, ya miyezi 18 m'zipatala zikuluzikulu, Queens, Kamuzu Central, Zomba, Mzuzu. Amalandira kangachepe, koma ntchito yake ndi ya bulu, umalowa m'mawa n'kutuluka mawa lake masana. Akatsiriza pamenepo ndi pamene Medical Council of Malawi imamulemba m'kaundula kuti angathe kugwira ntchito payekha. Akafuna ukatswiri, kaya wa ana kaya wa opaleshoni, ndi zaka zinanso 4 kapena kuposa, koma izo adzaona yekha atakula.

Ndiye tawerengani. Ziwiri zotsala ku sekondale, kudikira kusankhidwa, 6 ku koleji, chaka ndi theka cha internship. Ndi zaka 10 zopitirira. Panopa ali ndi 14, ndiye tikukamba za 25 kapena 26, ngati sanabwereze kalasi. Anzake a uphunzitsi adzakhala atayamba kale kulandira, ena atakwatiwa, azakhali akufunsa za chinkhoswe. Inuyo ndi alamu mukhale okonzeka kumutchinjiriza ku mafunso amenewo, ineyo anandilemetsa kwambiri kuposa mayeso.

Za ndalama, kuli loni ya boma ya ophunzira a ku yunivesite, ya ku Loans Board, amafunsira akasankhidwa ndipo amadzabweza akayamba ntchito. Koma loni yokha siikwana. Pali malo ogona, chakudya, laputopu, stethoscope, thiransipoti yopita uku ndi uku. Yambani pano kuika padera, ngakhale ku banki mkhonde. Amalume mukumva? Mbuzi zija zisathere pa maliro ndi zikwati zokha.

Mapointi akadzapanda kukwana si imfa. Akhoza kulembanso MSCE. Akhoza kuyamba digiri ina ya sayansi, kapena u clinical officer, n'kudzafunsira malo pambuyo pake, tinali nawo m'kalasi anthu otere, ndipo m'mawodi ankatiposa tonse. Chimene ndikukuchenjezani ndi anthu a pa Facebook olonjeza malo a udokotala kunja mukatumiza ndalama. Aliyense wophunzira kunja akabwera amadutsabe ku Medical Council kuti aone ngati sukulu yakeyo ndi yovomerezeka, ndiye musanatulutse tambala mufunse kumeneko kaye.

Mundijambulire ripoti lake la temu yathayi, mbali zonse, osabisa Masamu. Holide ikubwerayi mumutumize kuno sabata imodzi, ndili ndi mabuku anga akale a Biology ndi Chemistry, komanso adzaone mmene ndimabwerera kunyumba. Iii, andiitananso. Mupereke moni kwa alamu, tiyankhulana madzulo.