Tchalitchi lathu lakale la njerwa tilipake simenti kodi?

Mkulu wa mpingo wina wa CCAP ku Lundazi walemba kuti njerwa za m'munsi mwa khoma la tchalitchi lawo zikufumbutuka, ndipo akulu anzawo akufuna kulipaka pulasitala wa simenti lonse. Akufunsa ngati achite zimenezo.

Bambo, musatero. Yambani mwafufuza chaka chimene tchalitchilo linamangidwa. Lamulo la 1989 la National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma losamalira zinthu zakale, limateteza nyumba zomangidwa isanafike 1 Januwale 1924, ndipo kuno kummawa kwa Zambia zilipo, poti amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Magwero mu 1899 ndipo a Livingstonia anatsegula Chasefu mu 1922. Ngati lanu ndi la nthawi imeneyo, lankhulani ndi bungweli musanagwetse njerwa ndi imodzi yomwe.

Makoma a nthawi ija anamangidwa ndi njerwa zootcha pamalopo, zolumikiza ndi dothi kapena laimu. Khoma lotero limamwa chinyezi m'dzinja n'kuchitulutsa m'chilimwe. Simenti imatseka njira imeneyi. Madzi amatsekeredwa mkati, mchere wochokera m'nthaka umaunjikana kuseri kwa pulasitala, ndipo pakapita zaka pulasitalayo amasomphoka pamodzi ndi nkhope ya njerwa. Mukagogoda khoma lotere limalira ngati ng'oma.

Gwero la vuto ndi madzi. Mvula ikamagwa, zungulirani tchalitchi muone pamene madzi a pamalata akugwera. Kawirikawiri amathira patsinde penipeni. Kumbani ngalande yowatengera kutali, muchotse dothi ndi maluwa ounjikidwa kukhoma. Kwerani muone nsonga za mitengo ya denga polowera m'khoma, chifukwa chiswe chimayambira pamenepo, kunja mtengo ukuoneka bwinobwino.

Pokonza mizere ya pakati pa njerwa, kolokosani ndi chitsulo cha m'manja, osati makina odulira, kuya kwake kawiri kukula kwa mzere. Sakanizani muyeso umodzi wa laimu womangira ndi miyeso itatu ya mchenga wa kumtsinje wosefa. Chenjerani pogula: laimu wothira m'munda ndi wina, sagwira khoma. Nyowetsani njerwa, kanikizirani matopewo mumizere pang'onopang'ono, kenako phimbani ndi masaka onyowa kwa sabata. Ntchitoyi igwiridwe mu Juni kapena Julaye, chifukwa dzuwa la Okutobala limaumitsa laimu msanga n'kung'aluka.

Njerwa zothetheka kwambiri zichotsedwe imodziimodzi. Zakale zimakhala ndi muyeso wawo, choncho umbitsani zatsopano pa chikombole chopimidwa pa njerwa ya m'khoma lomwelo.