Msana ukalira, sikuti fupa labwerera m'malo

Amayi ena ogulitsa tomato ku Soweto Market mu Lusaka andilembera kuti m'chiuno mukuwawa, ndipo alamu awo akuwaumiriza kupita kwa chiropractor kuti akawawongole msana. Akuti: ndipite?

Amayi, funso lanuli landikumbutsa amalume anga a ku Matero, omwe ankayendetsa minibasi. Msana utayamba kuwavuta ankati ndi mpando wa basi komanso maenje a mumsewu. Anapeza bambo wina wa kachipinda kuseri kwa shopu, woti amawongola misana. Ankawagoneka chammbali, kuwapinda bondo, n'kukanikiza mwamphamvu, msana n'kulira. Amalume ankabwera akumwetulira, amvekere, "Mphwanga, fupa lalowa!" Koma usiku thukuta linkanyowetsa bulangete, ndipo lamba wa buluku ankangomuboola ndi msomali mabowo atsopano chifukwa chowonda. Mwendo utayamba kuchita dzanzi m'pamene tinawatengera kuchipatala chachikulu cha UTH. Chinali chifuwa chachikulu cha mumsana. Inde, TB imadya mafupanso, ndipo kuno kwathu si matenda achilendo. Anamwa mankhwala miyezi yambiri, anachira, koma mpaka pano amayenda mowerama.

Ndiye ine nkhani ya "fupa lachoka m'malo" imandipsetsa mtima. Kulira kuja ndi mpweya wa m'madzi a m'malo olumikizira mafupa, chimodzimodzi mukamathyola zala. Palibe fupa lomwe labwerera kwawo. Ntchito ya ma chiropractor inayamba mu 1895 ku Davenport, m'dziko la America, pamene D. D. Palmer ananena kuti wachiritsa munthu wovutika kumva pomukankha msana, ndipo anayamba kuphunzitsa kuti pafupifupi matenda onse amachokera ku mafupa a msana osakhala bwino. Ena mpaka lero akugulitsabe maganizo omwewo: shuga, BP, mphumu, kusabereka, zonse msana. Bodza limenelo. Ndipo wokuuzani kuti mulipiriretu maulendo makumi awiri musanaone n'komwe kusintha, akuwongola thumba lake.

Sindikunyoza onse ayi. Alipo ophunzira bwino, monga omwe amachokera ku University of Johannesburg kapena Durban University of Technology, ndipo pa kuwawa wamba kwa m'chiuno amathandiza ndithu, ngakhale saposa kwenikweni a fizo ndi masewera olimbitsa thupi. Khosi lokha ine sindilola munthu kulipotokola. Sizichitika kawirikawiri, koma mtsempha wopita ku ubongo ukhoza kung'ambika munthu n'kuchita sitiroko. Makanda ndi agogo a mafupa ofooka, asawayandikire n'komwe.

Nanga inu mutani?

Ngati mukutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuwonda, kapena munagwa, yambirani kukiliniki. Ngati mwendo wafooka, pakati pa ntchafu pachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikukuvutani kuzigwira, thamangirani kuchipatala lero lomwe. Ngati palibe zimenezi, kuwawa kotere nthawi zambiri kumachepa pakatha masabata 6. Musagone tsiku lonse, muziyendayenda, ndipo mabokosi a tomato aja muziwanyamula mutapinda mawondo, kapena mupatseni mnyamata wa wilibala. Mukafunabe kupita, funsani kaye chikalata chomuloleza chiropractor-yo kugwira ntchitoyi, ndipo alamu anuwo akuperekezeni akachione nawo.