Kodi chifefe chizigona ndi chipolopolo mumpope?

FUNSO

A Mlangizi, ndili ndi mfuti ya shotgun, chifefe chija chokoka ndi dzanja, cha 12 gauge, ndipo chiphaso chake ndili nacho. Ndinachigula akuba atatithyolera nyumba. Usiku ndimachiimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, chipolopolo chili kale mumpope, safety nditatseka. Mayi a kunyumba akuti sakupeza tulo chifukwa mwana wathu wa zaka 4 amalowa m'chipindamo m'mamawa. Chigulireni ndawombera kawiri kokha, koma mnzanga akuti chifefe sichilira maphunziro, umangoloza kumene kwamveka phokoso. Kodi ndikulakwitsa?

Bambo wa ana awiri

YANKHO

Bambo, amvereni mayiwo, ndipo muwamvere lero lomwe dzuwa lisanalowe. Mantha anu ndikuwamvetsa, munthu amene anathyoleredwapo nyumba sagona ngati kale. Koma mmene mwaiikira mfutiyo, amene ali pafupi kuvulala nayo ndi mwana wanu, osati wakuba.

Safety musaidalire. Pa zifefe zambiri zokoka ndi dzanja, kabatani kameneka kamangoletsa kachitsulo kowombera kuti kasakokeke, basi. Mfuti yoimika ikaterereka n'kumenyetseka pansi mwamphamvu, chipolopolo chili mumpope, ikhoza kulira popanda woikhudza. Ndipo kabataniko mwana wa zaka 4 amakakankha ndi chala chimodzi. Pa chifefe cha mtundu wa Remington 870 kali kuseri kwa chowombera, pa Mossberg 500 kali pamwamba pomwe chala chachikulu chimagwera chokha.

Mumpope muzikhala mopanda kanthu, mfutiyo izikhala yokhoma m'bokosi lachitsulo kapena pa loko womangirira kukhoma, kiyi ali pathupi panu. Malamulo a kasungidwe amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ena amalamula kuti zipolopolo zizikhomeredwa pazokha, choncho funsani kumene munatenga chiphaso. Mukadandaula kuti kutsekula loko kukuchedwetsani, yankho lake ndi kuzolowera kutsekulako mumdima, osati kusiya mfuti poyera.

Tsono za mnzanu uja. Mawu akewo ndi amene amandiwawa kwambiri, chifukwa ndawamva kwa anthu ambiri amene ndinawaphunzitsapo. Chipolopolo cha 00 buckshot chimakhala ndi timipira ta mtovu 8 kapena 9, kalikonse kopitirira pang'ono mamilimita 8. Anthu amaganiza kuti tikatuluka timamwazika chipinda chonse. Kayeseni nokha: pachikani chikatoni pa mtunda wa mamita 5, muwombere kamodzi, mukayang'ane. Mupeza timabowo tonse tadzadzana pamalo osaposa chikhatho chanu. Kuphonya n'kosavuta, ndipo timipira tophonyato timaboola chitseko cha matabwa n'kukafika kumene kwagona ana.

Kuwombera kawiri sikukwanira. Ndimakumbukira bambo wina, wamkulu thupi, amene anabwera kudzaphunzira akudzidalira. Nditamuuza kuti awombere katatu motsatizana ndikumuwerengera nthawi, koyamba inalira bwino. Kachiwiri anakoka chogwirira chakutsogolo mwatheka, osafikitsa kumapeto, n'kukankha. Mfuti inangoti kha, zii. Anaima akuiyang'ana, thukuta lili kamukamu pamphumi, chala chikadali pa chowombera. Anali masana, popanda womuopseza. Chifefe chokoka chimafuna kuti ukoke mpaka chigunde, ukankhe mpaka chitseke, ndipo zimenezi manja amaziphunzira pobwerezabwereza.

Pezani mphunzitsi wovomerezeka, ndipo muzipita kumalo ophunzirira kuwombera ngakhale kamodzi pa miyezi iwiri, mutavala zotseka m'makutu ndi magalasi, pakuti kulira kwa chifefe kumawononga makutu osabwereranso. Kunyumba gulani zipolopolo zoyeserera, zopanda wonga. Zenizenizo muzisiye m'chipinda china, muyang'ane mumpope ndi maso kumbuyo kolowera chipolopolo, mupisemo chala, kenako muyeserere kwa mphindi 10 kuika, kukoka ndi kuchotsa. Jeff Cooper, amene anayambitsa sukulu yophunzitsa kuwombera ya Gunsite ku Arizona, m'dziko la America, mu 1976, ankaphunzitsa malamulo anayi: mfuti iliyonse uziitenga kuti ili ndi chipolopolo, usaloze chinthu chimene sukufuna kuwononga, chala chisakhudze chowombera mpaka utalunjika, ndipo uzidziwa chimene ukulozacho ndi zimene zili kuseri kwake.

Lamulo lachinayilo ndi limene ndikufuna mulisunge pamtima. Usiku wina ndinadzidzimuka nditamva chitseko chakumbuyo chikutsekuka, kenako mapazi m'khonde. Mtima unagunda mpaka kukhosi, kiyi anandipulumuka kawiri ndisanatsekule bokosi. Sindinatuluke kukasaka munthuyo. Ndinaima pakhomo la chipinda, mlomo wa mfuti utaloza pansi, ndinayatsa tochi n'kufuula kuti, "Ndani?" Anayankha ndi mwana wanga wamkulu, atanyamula nsapato m'manja kuti asatidzutse. Anabwera usiku osatiuza.

Ndiye pambali pa bokosilo ikanipo tochi yowala bwino ndi foni yokhala ndi moto. Mugwirizane ndi mayi kuti kukamveka phokoso, ndani akatenge ana, nonse musonkhane chipinda chiti, ndani aimbire apolisi. Katundu wa pabalaza musamutsatire ndi mfuti mumdima. Ndipo tsiku lopita kokaphunzira, mayiwo mupite nawo, nawonso adziwe kuona ngati mumpope muli chipolopolo ndi kuchichotsa bwinobwino.