Za alamu ndi diet yawo, komanso za Amayi

Achimwene, mwadzuka bwanji uko ku Chilomoni? Pepani, funso lanu ndinaliona dzulo lomwe koma ndinali wausiku, ndangolowa kumene m'nyumba, nsapato sindinavule n'komwe. Ndingoyankhula, zolemba sindikwanitsa. Mwati chiyambireni alamu kuchepetsa thupi akuiwalaiwala, dzana anapsereza nyemba pambaula, tsiku lina anasiya chenje kwa kondakitala, ndiye mukufunsa ngati kuonda kumathanso nzeru.

Sikutha nzeru ayi. Koma alamuwo akudya chiyani? Paja tsiku lija tinakumana ku Limbe anandiuza okha kuti m'mawa ndi madzi otentha a mandimu basi, masana nthochi imodzi, nsima anaitsanzika mu Januwale. Alamu, ngati mukumvera musakwiye, koma imeneyo ndi njala yoitana nokha. Ubongo ndi kanthu kochepa, pafupifupi 2 peresenti ya kulemera kwa munthu, koma pa mphamvu zomwe thupi limatentha munthu atangokhala, wokhawo umatenga pafupifupi 20 peresenti. Chakudya chake chachikulu ndi shuga wa m'magazi, yemwe amachokera ku nsima yomweyo, mbatata, mpunga. Mukaumana, mutu umalemera, mtima umapsa msanga, wina akamakuyankhulani inu mukungoti "mwati chani?" maganizo ali pa mandazi. Mesa mukukumbuka tikapita kusukulu osadya, masamu a cha m'ma 11 aja ankalowa? Tikaweruka n'kukapeza mkute kunyumba, nzeru zija zabwerera zokha.

Ndiye pali matiyi oondetsa akugulitsidwa pa WhatsApp aja. Ambiri ndi otsegula m'mimba kapena okodzetsa, chomwe chimachoka ndi madzi osati mafuta. Ndi dzuwa la Okutobala lino, munthu wopanda madzi m'thupi chizungulire sichichedwa. Komanso munthu wamayi akasiya nyemba, usipa, mazira, bonongwe, magazi amachepa, ndipo wochepa magazi amangokhala wotopa, mutu sugwira.

Koma kuchepetsa thupi kwenikweniko, kwa munthu yemwe ananenepadi kwambiri, kumathandiza mutu. Akafukufuku atayesa anthu onenepa asanachepetse thupi ndi pambuyo pake, anapeza kuti kukumbuka ndi kuika maganizo pa chinthu kunasintha mokomera. Pang'ono, osati mpaka kusanduka pulofesa. Chifukwa chake n'chosavuta: makilo akatsika BP imatsika, shuga amakhala m'malo mwake, timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo sitiwonongeka msanga. Akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2024 anatchula zinthu 14 zopeweka zomwe zimakokera munthu ku matenda oiwala paukalamba, ndipo kunenepa kwambiri pa msinkhu wathu uno kulipo, pamodzi ndi BP, shuga, ndi kungokhala osayendayenda. Palinso mkonono. Onenepa ena mpweya umadukaduka ali m'tulo, kukacha mutu uli ziii ngati sanagone. Inuyo achimwene, kumaliro a agogo kuja tinkakumverani tili kusiwa kwa azimayi, ndiye mimba yaubwanayo muiganizire, musangoloza alamu.

Choncho alamu apitirize, koma mwa ulesi wabwino, theka la kilo kapena kilo imodzi pa sabata yakwana. Adye katatu. Nsima chipande chimodzi m'malo mwa zitatu, masamba ambiri, mafuta ochepa mundiwo, zakumwa zotsekemera zija asiye, tiyi asathire masipuni anayi. Madzulo muziyenda limodzi msewu wa ku Michiru uja. Pakatha masabata awiri atatu akudya bwino koma kuiwala kulipobe, abwere tikayezetse magazi.

Tsopano poti tonse tili pagulu pano, a Malume, achemwali, ine amene akundisowetsa tulo si alamu. Ndi Amayi.

Ndinali ku Bangwe Lamulungu. Bulauzi ya Mvano ija, yomwe chaka chatha inkakana mabatani, panopa ikungolendewera m'mapewa. Anandifunsa katatu ngati ndadya, mbale ili m'manja mwanga. Mchere anathira kawiri mu chisoso. Nditatsegula buku lawo lakuchipatala ndinapeza mu Epulo anali ndi makilo 68, pa sikelo yanga anakwana 62. Amayi sali pa diet iliyonse. Ife kuntchito kuchipatala timati munthu akataya 5 peresenti ya thupi lake m'miyezi 6 mpaka 12 asakufuna, afufuzidwe. Kwa Amayi 5 peresenti ndi makilo atatu ndi kanthu, iwo ataya 6.

Sindikuopsezani, zoyambitsa n'zambiri ndipo zingapo zimachizika. Mwina ndi shuga wawo yemwe uja wakwera, poti shuga akalusa amaondetsa komanso amasokoneza mutu. Mwina ndi mankhwala a shuga: metformin akamwedwa zaka zambiri amachepetsa vitamini B12, ndipo ikasowa munthu amaiwala, mapazi amachita dzanzi. Amayi akhala akudandaula dzanzi, mukukumbuka? Ngati anawawonjezera mankhwala ena a shuga aja a glibenclamide ndiye n'kumadumphitsa chakudya, shuga amatsika kwambiri, munthu n'kuyamba kubwebweta, thukuta lili kamukamu. TB imaondetsa, chithokomiro chimaondetsa, khansa nayo, HIV nayo siona msinkhu, ayezedwe zonse popanda manyazi. Chisoni chokha chimatha munthu. Chimwalirireni Bambo amadya okha, ndipo munthu wodya yekha saphika, amangowiritsa tiyi. Ndiye palinso matenda oiwala enieniwo, dementia. Amenewo nthawi zina thupi limayamba kutsika zaka zingapo kuiwala kusanaonekere, kenako munthu amaiwala ngakhale zoti sanadye.

Chomwe ndikupempha, asapezeke wina wonena kuti alodzedwa, kaya kuwatengera kwa asing'anga buku lili m'kabati. Ndipo mtsikana wantchito uja auzidwe bwino, asamakambe kumpopi zoti agogo anadzuka usiku kufuna kupita kumunda. Mukudziwa mmene anthu amachitira ndi nkhalamba yosokonekera, mawa lomwe ayamba kuloza zala kuti ndi mfiti.

Ine Lachinayi ndili pa off. Achimwene mubwere ndi galimoto isanakwane 6, tikayambire pachipatala cha ku Bangwe konko, akatilembera kalata tipitirira ku Queens. Achemwali, muike mujumbo buku lija ndi mankhwala onse, ngakhale a zitsamba amene amabisa kuseri kwa wailesi aja. Tiyi asamwe tisanayeze shuga, ndipo poti akhala asanadye, mapiritsi a shuga a m'mawawo asamwenso, tiwatengera ndi phala mu fulasiki akadye akangoyezedwa.

Iii, foni ikulira batire. Ndikagone kaye ine, mundiimbire ikadutsa 2.