Mwafunsa, tayankha: Za Mulungu mmodzi anayambitsa ndani?

FUNSO: Akulu, takangana ndi mnzanga, iye akuti zoti Mulungu ndi mmodzi anayambitsa ndi Aiguputo ndipo Mose anangokopera, ine ndimadziwa kuti ndi Abrahamu basi. Zoona ndi ziti? — Wowerenga wa ku Balaka

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo sakunamiratu koma wangomva mbali imodzi. Cha m'ma 1350 BC kunali Farao Akhenaten, mwamuna wake wa Nefertiti, amene analamula kuti anthu azipembedza Aten yekha, dzuwa, anatseka makachisi a mulungu wina wotchedwa Amun mpaka kumanga mzinda watsopano womwe pano amautcha Amarna. Koma zinali zochokera kumpando, ndiye iye atangomwalira zonse zinabwerera mwakale, mzindawo unasanduka bwinja, ngakhale Tutankhaten atalowa ufumu anasintha dzina kukhala Tutankhamun, kuchotsamo Aten n'kuikamo Amun. Zoti Mose anakopera kumeneko umboni palibe.

Kwa Aisraeli nako sizinachitike tsiku limodzi ayi. Okhulupirira amayambira pa Abrahamu, sindikutsutsa, koma Baibulo lomwelo likuonetsa kuti kwa zaka zambirimbiri anthu ankapembedza Yehova kwinaku akugwadiranso Baala ndi Asera, Eliya ankalimbana ndi chiyani nanga? Ku Kuntillet Ajrud ku Sinai anafukula zolemba za cha m'ma 800 BC zotchula Yehova limodzi ndi Asera wake. Mfumu Yosiya ndi amene cha m'ma 622 BC anatulutsa ziwiya za Baala ndi Asera m'kachisi wa ku Yerusalemu n'kuziotcha, kawerengeni 2 Mafumu 23 mudzionere nokha.

Pamene ine ndimaona kuti zinthu zinatembenukadi ndi pomwe Ababulo anagwetsa Yerusalemu cha m'ma 586 BC. Masiku amenewo mtundu ukagonja pankhondo ena ankati mulungu wake wagonjanso. Ayuda anakana zimenezo, anati Yehova yemweyo ndi amene watuma Nebukadinezara kudzatilanga, kusonyeza kuti amalamuliranso ku Babulo konko ndipo Marduk, mulungu wa Ababulowo, ndi fano chabe. Poyamba nkhani inali yoti Mulungu wathu yekha ndiye tizimupembedza, tsopano inafika poti enawo kulibeko n'komwe, ndipo izi mukazimva mwamphamvu pa Yesaya 45, pomwe akutchulanso Koresi wa ku Perisiya amene analanda Babulo mu 539 BC.

Akhristu ndi Asilamu anadzapitiriza njira yomweyo pambuyo pake, Mtumiki Muhammad anachotsa mafano mu Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Mecca, mu 630 AD.